Dzina la webusaiti lofanana ndi la mnzanu wa bizinesi: kuchenjera kapena kuba makasitomala?

Kompyuta imene imalembetsa mayina a mawebusaiti imafunsa funso limodzi lokha basi: kodi dzinali lili ndi mwini kale? Ikapeza kuti lilibe, lipirani, ndi lanu. Sifunsa ngati muli ndi sitolo, sifuna satifiketi ya bizinesi, ndipo sidziwa n'komwe kuti dzina mwasankhalo langosiyana chilembo chimodzi ndi la munthu amene mumalimbirana naye makasitomala pa Kasungu boma. Dzina lothera ndi .com munthu amalitenga pa mphindi zochepa, ndipo mtengo wake kawirikawiri umakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pa chaka. Kuphweka kumeneku n'kumene kumasokoneza anthu. Amati poti makina sanakane, ndiye kuti palibe mlandu.

Nkhani imeneyi si ya ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha ayi. Eni maloji olandira alendo opita ku Kasungu National Park ndi obwera ku msika wa fodya wa Chinkhoma, eni sukulu zapulaiveti, ogulitsa mbewu ndi feteleza, opikula soya ndi mtedza, makontilakitala, onsewa ayamba kufuna dzina lawolawo pa intaneti, limene odziwa za makompyuta amalitcha domain. Ena webusaiti sakuifuna kwenikweni. Chimene akufuna ndi imelo yokhala ndi dzina la kampani, chifukwa bungwe likamaitanitsa makotesheni, ya munthu wotumiza kuchokera pa Gmail limaiyang'ana ndi diso lokayika.

Tiyerekeze kuti pa boma pali loji, tingoitcha Ujeni Lodge. Eni ake ndi mayi amene akhala zaka zambiri akukonzetsa mipope, kusintha matilesi, kudzudzula anyamata olandira alendo mpaka anaphunzira ulemu, ndipo lero anthu a m'mabungwe akabwera ku msonkhano amauzana kuti kagoneni kwa mayi aja. Mayiwo analembetsa ujenilodge.com. Tsidya lina la msewu wa M1 kwatsegulidwa loji yatsopano ya dzina lina. Mwini wake waitana mnyamata wopanga mawebusaiti, ndipo mnyamatayo, pofuna kuonetsa kuti ntchito amaidziwa, watembenuza laputopu kuti bwana aone.

"Bwana, taonani apa. Ujenilodges.com, ya s kumapetoko, ilibe mwini. Ujenilodge.mw nayonso ili pambalambanda. Titenge zonse ziwiri, aliyense wophonya polemba azigwera kwathu."

"Koma achimwene, sitigwidwa nazo zimenezi?"

"Ayi bwana. Pa intaneti woyamba kufika ndiye mwini."

Mnyamatayo sananame kwenikweni, wangonena theka la nkhani. Webusaiti iliyonse imakhala pa kompyuta inayake yodziwika ndi manambala. Poti munthu sangasunge manambalawo m'mutu, panakonzedwa kaundula wolumikiza dzina ndi nambala, wotchedwa DNS. M'kaundulayu dzina limodzi silingakhale la anthu awiri. Dziko lonse lapansi ujenilodge.com ingakhale imodzi yokha. Apa m'pamene intaneti imasiyana ndi misika yathu. Magolosale otchedwa Chikondi kapena Tiyanjane mungawapeze ku Santhe, ku Chamama, ku Nkhamenya, ndipo eni ake sakokerana ku bwalo chifukwa aliyense ali ndi anthu ake. Pa intaneti mtunda kulibe, ndiye njira yosavuta yogawira mayina inakhala yakuti woyamba kupempha ndiye apatsidwe. Dzina loyamba la .com, symbolics.com, linalembetsedwa pa 15 Marichi 1985, ndipo mpaka 1995 mayina ankaperekedwa ulere. Kuyambira 1998 bungwe la ICANN ndilo limagwirizanitsa dongosolo lonseli. Kaundula wa .com amasungidwa ndi kampani ya Verisign, pamene wathu wa .mw anaperekedwa m'manja mwa bungwe la Malawi SDNP mu 2002, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linapatsa MACRA udindo pa kayendetsedwe ka mayina a .mw. Komanso dzina siligulidwa mpaka kalekale. Mumangolipira lendi ya chaka ndi chaka, mukaleka kulipira limabwerera pa msika.

Theka limene mnyamatayo wasiya ndi lakuti lamulo la woyamba kufika ndi logawira mayina basi. Silinena kanthu pa chimene mukufuna kuchita ndi dzinalo.

Njira zofananizira dzina n'zambiri, ndipo zonse zimadalira kuti chala chidzaterereka kapena diso lidzaphonya. Kuwonjezera s kumapeto, kuika kamzere pakati pa mawu, kuchotsa chilembo, kuphatikiza dzina la boma kuti likhale ujenilodgekasungu.com. Kusintha mathero: .co ndi ya dziko la Colombia, .cm ndi ya Cameroon, koma zonse ziwiri n'zimene zimatsala munthu akadumpha chilembo polemba .com. Kwathu kuno kuli .mw, .co.mw ndi .com.mw, ndipo ndi angati amakumbukira kuti mnzawo anasankha iti? Palinso zilembo zofanana maonekedwe. Pa foni ya sikirini yong'aluka, r ndi n zikagundana zimaoneka ngati m, ndipo I wamkulu sasiyana ndi l wamng'ono, chinyengo chimene akathyali anachita pa dzina la PayPal mu 2000.

Ife olankhula Chichewa tili ndi vuto lina lowonjezera. Timasinthanitsa l ndi r osazindikira, ndipo h uja wa mu Chinkhoma, Santhe kapena Mtunthama wina amamuika, wina amamusiya. Uyu alemba Nguru ya Nawambe, uyo alemba Ngulu. Tsono malonda ambiri kuno munthu amawamva pa wailesi kapena kwa mnzake, dzina limalowera kukhutu osati kumaso. Bizinesi ya dzina lachichewa imakhala ndi malembedwe atatu kapena anayi amene kasitomala wake weniweni angalembe molakwika ali ndi chikhulupiriro chonse, ndipo wofuna kutchera msampha amawadziwa onsewo chifukwa naye amalakwitsa momwemo.

Zimene mnyamata uja akulangiza bwana wake zinayesedwa kale malonda a pa intaneti asanakhwime n'komwe. Mu 1994 kampani ya ku America ya The Princeton Review, yokonzekeretsa ophunzira mayeso olowera ku yunivesite, inalembetsa kaplan.com. Kaplan inali kampani yopikisana nayo kwambiri pa ntchito yomweyo. Munthu wofunafuna Kaplan ankakafika pa tsamba lopeputsa Kaplan ndi kutamanda Princeton Review. Mkulu wa kampaniyo, John Katzman, anaitenga nkhaniyi ngati nthabwala, mpaka ananena kuti dzinalo akanalibweza atapatsidwa kireti ya mowa. A Kaplan sanaseke. Nkhani inapita kwa oweruza apadera, ndipo chaka chomwecho Princeton Review inalamulidwa kupereka dzinalo.

Ku England kunali amalonda awiri amene analembetsa mayina ngati marksandspencer.com, sainsbury.com ndi bt.org, n'kumalembera makampani akuluakulu makalata otsatsa. A Burger King anauzidwa kuti burgerking.co.uk aigule pa mapaundi 25,000. Anthuwa ankadziteteza kuti sanagulitse katundu aliyense pogwiritsa ntchito mayinawo, angowasunga. Mu 1998 khoti la apilo, pa mlandu wodziwika ndi dzina la kampani yawo ya One in a Million, linakana mfundoyo: dzina lotero, ngakhale lingokhala chikhalire, ndi chida chochitira chinyengo. Chigamulochi chili ndi ntchito kwa ife chifukwa malamulo athu ambiri a zamalonda anachokera ku England, kuphatikizapo lija loletsa munthu kugulitsa katundu wake ngati kuti ndi wa mnzake, limene maloya amati passing off.

Milandu itachuluka, ICANN inakhazikitsa njira yachidule yothetsera mikangano, yotchedwa UDRP, imene inayamba kugwira ntchito mu Disembala 1999. Aliyense wolembetsa .com, .net kapena .org amavomereza njirayi podina kabokosi kaja kamene palibe amawerenga zolembedwa pambali pake. Wodandaula, amene kawirikawiri amapita ku WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa zinthu ngati zizindikiro za malonda, ku Geneva, ayenera kutsimikiza zinthu zitatu pamodzi: kuti dzinalo n'lofanana kapena losokoneza ndi chizindikiro chake cha malonda, kuti wolembetsayo alibe ufulu kapena chifukwa chomveka chokhalira nalo, komanso kuti analilembetsa ndipo akuligwiritsa ntchito ndi mtima woipa. Chimodzi chikasowa, dandaulo lagwa. Pa zitsanzo za mtima woipa zimene malamulowo amatchula, ziwiri zikumukhudza mwachindunji bwana wa loji yatsopano uja: kulembetsa dzina n'cholinga chosokoneza malonda a wopikisana naye, ndi kukokera anthu ku webusaiti yako kuti upindule podalira kuti asokonezeka. Zina ziwirizo ndi kulembetsa kuti udzagulitse kwa mwini dzina pa mtengo wokwera, ndi kukhala ndi chizolowezi chotsekereza eni mayina. Wodandaulidwa amapatsidwa masiku 20 oti ayankhe, zonse zimachitika pa makalata, ndipo woweruza angathe kungolamula kuti dzina lifafanizidwe kapena lisamutsidwe. Chipukutamisozi mulibe. Mu 2023 mokha WIPO inalandira milandu yoposa 6,000. Ofuna ndalama amapita ku khoti: ku America lamulo la 1999 limalola chindapusa cha pakati pa madola 1,000 ndi 100,000 pa dzina lililonse, ndipo mu 2008 kampani ya Verizon inapambana madola 33.15 miliyoni pa mayina 663 ofananizira ake.

Koma tisathamangire ku malamulo ngati kuti yankho lonse lili komweko. Mmene ndikuonera ine, funso lenileni ndi ili: munthu amene akulemba dzinalo pa foni yake akufuna ndani? Ngati akufuna mayi a Ujeni, ndipo inu mukudziwa kuti akufuna mayi a Ujeni, ndiye kuti dzina mwalembetsalo lilibe phindu lina kupatula kuphonya kwa munthuyo. Ujenilodges.com payokha ndi zilembo chabe. Chimene chikuipatsa mtengo ndi mipope ija, matilesi aja, ndi anthu amene anagona bwino n'kukauza anzawo. Ndi kukolola posalima kumeneko.

Ochita zimenezi amakhala ndi mayankho, ndipo ena mwa mayankhowo ndi omveka ndithu mukawamva koyamba. Lofala kwambiri ndi lakuti bizinesi ndi mpikisano, waulesi asadye. N'zoona kuti mpikisano umapweteka, ndipo palibe amene ali ndi ufulu woti makasitomala ake asalandidwe. Tsitsani mtengo wa chipinda, gulani jenereta kuti magetsi akathima alendo asagone mumdima, ikani chikwangwani chachikulu kuposa cha mayiwo, lembani pa webusaiti yanu kuti chakudya cha m'mawa kwathu n'chaulere pamene kwa anzathu mumalipira, bola zikhale zoona. Makasitomala awo onse atasamukira kwanu mwa njira zimenezi, mayiwo angamve kuwawa koma sanalakwiridwe, chifukwa kasitomala wasankha akudziwa chimene akusankha. Dzina lofananizira limagwira ntchito mosiyana. Limadikira munthu amene wasankha kale, n'kumulanda chisankho chakecho asakudziwa. Wolakwiridwa woyamba si mayi a Ujeni, ndi mlendoyo.

Yankho lina ndi lakuti akafika pa tsamba lathu aona dzina lathu ndi zithunzi zathu, palibe bodza talemba. Taganizani mlendo watsika basi pa depoti usiku, wauza wakabaza kuti ndipititseni ku Ujeni Lodge. Wakabazayo, poti amalandira kangachepe kwa bwana wa tsidya lina, wamutsitsa pa geti la loji yatsopano. Mlendo waona chikwangwani, wazindikira kuti si pano, koma kwada, chikwama n'cholemera, mlonda watsegula kale geti. Alowa. Palibe amene wamuuza kuti pano ndi pa Ujeni, komabe wanamizidwa, ndipo bodzalo linachitika pa ulendo, asanafike. Kuzindikira mochedwa sikufafaniza chinyengo chimene chinamufikitsa pamenepo.

Ena amati mayiwo akanateteza dzina lawo, bwanji sanalembetse okha. Palibe bizinesi, ngakhale yaikulu bwanji, imene ingagule malembedwe onse a dzina lake pa mathero onse, amene lero ndi oposa 1,000. Ndipo kusasamala kwa mnzanu sikukupatsani ufulu pa chinthu chake. Enanso amati ine sindikuligwiritsa ntchito, ndangolisunga kuti asadzalitenge. Pamenepo mwanena nokha cholinga chanu, ndipo oweruza a WIPO, kuyambira pa mlandu wa kampani ya Telstra mu 2000, akhala akugamula kuti kusunga dzina osalichitira kanthu kungathe kukhalanso mtima woipa.

Mbali imene mnyamata wa laputopu sanaitchule, ndipo ndiyo yoopsa kuposa zonse, ndi ya imelo. Mwini domain amatha kuikonza kuti kalata iliyonse yotumizidwa ku dzinalo izifika kwa iye, kaya kutsogolo kwa @ kwalembedwa chiyani. Tsono wa mu ofesi ku Lilongwe akaphonya n'kuwonjezera s, pempho la kotesheni ya msonkhano wa sabata yathunthu, mndandanda wa alendo ndi manambala awo a foni, ngakhale umboni wa ndalama zimene atumiza ku banki, zonse zikugwera tsidya lina la msewu. Wotumizayo salandira uthenga woti kalata yabwerera, ndipo mayi a Ujeni sadziwa kuti inalipo. Kukula kwa vutoli kunaonekera mu 2023 pamene nyuzipepala ya Financial Times inaulula kuti maimelo mamiliyoni opita kwa asilikali a America, amene adiresi yawo imathera ndi .mil, akhala akusochera kwa zaka pafupifupi 10 kupita ku .ml ya dziko la Mali. Munali zikalata za kuchipatala, za misonkho ndi za maulendo, zonse chifukwa cha i mmodzi wosiyidwa. Bwana wa loji yatsopano mwina sanalinge zowerenga makalata a eni, koma tsiku limene kotesheni yoyamba idzagwe m'bokosi mwake, adzaitumiza kwa eni ake kapena adzaiyankha? Ndipo mnyamata amene ali ndi pasiwedi, akadzasiyana ndi bwana wake mokangana, angathe kulemba kuchokera pa adiresi yomweyo kuti tasintha nambala, dipoziti tumizani pa Airtel Money iyi kapena pa Mpamba iyi. Apolisi akadzatsata, dzina limene adzapeze pa kaundula ndi la amene analipira domain.

Pamenepa wina angaganize kuti kufanana kulikonse kwa mayina ndi umbava. Si choncho. Dzina la Kasungu si la munthu. Amene walembetsa dzina lopangidwa ndi mawu akuti Kasungu ndi lodge, kapena Kasungu ndi seeds, alibe mphamvu yoletsa mnzake kuphatikiza mawu omwewo mwanjira ina. Mawu otchula malo kapena mtundu wa malonda ndi a tonse, ndipo wosankha dzina lotero wasankhanso kukhala ndi anansi ofanana naye. Chimodzimodzi mayina a makolo. Kuno a Banda, a Phiri ndi a Mwale ndi osawerengeka, ndipo palibe Phiri amene anganene kuti poti ine ndinayamba kulembetsa, a Phiri ena onse asatchule dzina la makolo awo pa malonda. Uzi Nissan, munthu wobadwira ku Israel amene anasamukira ku America, anayamba kuchita malonda pa dzina la makolo ake mu 1980, nthawi imene magalimoto a Nissan ankagulitsidwa kumeneko ngati Datsun. Mu 1994 analembetsa nissan.com ya bizinesi yake ya makompyuta. Kampani ya magalimoto inamusumira mu 1999, mlandu unatenga zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani, koma dzinalo sanalandidwe. Anali ndi chifukwa chakechake chokhalira nalo, chosadalira mbiri ya wina.

Makampani akuluakulu nawo amadziwa kuopseza. Mu 2003 mnyamata wa zaka 17 wa ku Canada, Mike Rowe, analembetsa mikerowesoft.com ya kabizinesi kake kopanga mawebusaiti. Mukalitchula mokweza likumveka ngati Microsoft, ndipo iye ankadziwa kuti n'zoseketsa. Maloya a Microsoft anamuuza kuti apereke dzinalo amubwezere madola 10. Iye, ataipidwa, anati madola 10,000, ndipo maloyawo anagwiritsa ntchito yankholo ngati umboni woti analembetsa kuti agulitse. Nkhani itamveka dziko lonse Microsoft inavomera kuti inanyanya, ndipo mu Januwale 2004 anagwirizana mwamtendere, mnyamatayo n'kulandira mphatso zingapo kuphatikizapo Xbox. Malamulo a UDRP amazindikira khalidwe limeneli: woweruza angathe kulengeza kuti wodandaula ndiye anali ndi mtima woipa, wofuna kulanda dzina kwa munthu amene ali nalo moyenera. Nkhani ya Mike Rowe ili ndi phunziro lina laling'ono kwa aliyense wolandira kalata ya loya: musathamangire kutchula mtengo muli ndi mkwiyo.

Komabe ngakhale muli ndi ufulu, ulemu ulipo. A Phiri otsegula sitolo ya mbewu pa boma pomwe pali kale a Phiri ena ogulitsa mbewu akhoza kuwonjezera mawu osiyanitsa pa dzina lawo, osasankha mtundu wa utoto ndi kalembedwe kofanana ndi ka anzawo, ndipo imelo yosochera ikabwera aitumize kwa eni ake. Dzina ndi lawo, makasitomala a a Phiri enawo si awo.

Kwathu kuno kuli makaundula atatu amene salankhulana: wa mayina a bizinesi ndi makampani, kumene ambiri timati kwa Registrar General, wa zizindikiro za malonda pansi pa Trademarks Act ya 2018, ndi wa ma domain. Anthu ambiri amalembetsa koyambako n'kuganiza kuti atseka zonse. Lamulo la 2018 linalowa m'malo mwa la 1957, limateteza chizindikiro kwa zaka 10 zotheka kuwonjezera, ndipo linabweretsa chitetezo cha zizindikiro za ntchito zotumikira anthu, monga maloji ndi sukulu, osati katundu wogwirika yekha. Wopanda satifiketi ya chizindikiro angathe kudandaulabe, koma ayenera kusonkhanitsa umboni woti anthu amalidziwa dzinalo kuti ndi lake: malisiti akale, zotsatsa za pa wailesi, makalata a makasitomala. Palinso Competition and Fair Trading Commission, imene imalandira madandaulo a mchitidwe wosocheretsa ogula.

Koma tinene zoona. Kudandaula ku WIPO ndi madola 1,500 pa woweruza mmodzi, loya osawerengera, ndipo ndi ndalama yakunja imene tonse tikudziwa mmene imavutira kupeza ku banki. Mayi a Ujeni mwina sadzalemba kalata ya ku Geneva. Bwana wa tsidya lina akudziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ndikuti kuno nkhaniyi ndi ya khalidwe kuposa ya malamulo. Kuchita chinthu chifukwa chakuti wolakwiridwayo alibe ndalama zokusumira ndi kumudyera masuku pamutu, ngakhale atakhala kuti ndi wopikisana nawe. Ndipo kubisala n'kovuta kuposa mmene mnyamata uja akuganizira. N'zoona kuti kuyambira 2018 mayina a olembetsa ambiri saonekanso poyera pa WHOIS, kaundula woonetsa mwini wa domain, koma dzina lofananizira limaloza kwa wopindula nalo. Mlendo mmodzi akadzangouza mayiwo kuti ndinalemba dzina lanu koma panatuluka loji ina, nkhani yatha. Kasungu ndi yaing'ono, anthu ake amakumana ku tchalitchi, ku banki ndi pa maliro.

Opanga mawebusaiti nawo asamathawire kuti ine ndangotumidwa. Nthawi zambiri maganizowa amachokera kwa iwo, chifukwa bwana sadziwa n'komwe kuti zoterezi n'zotheka. Zomwezi zikuchitikanso pa masamba a Facebook, kumene kutenga dzina ndi zithunzi za bizinesi ya mnzako sikufuna ngakhale tambala, ndipo kumeneko ndiko kuli makasitomala ambiri kuposa pa mawebusaiti.

Mlandu umene umayesa ngakhale anthu oona mtima ndi wa dzina lotayika. Mabizinesi ambiri ang'onoang'ono domain yawo inalembetsedwa pa dzina ndi imelo ya mnyamata amene anapanga webusaiti. Mnyamatayo akapita ku Johannesburg kapena akasintha imelo, makalata okumbutsa kulipira amapita kumene kulibe wowerenga. Pa .com, nthawi ikatha pamakhala kaye masiku achisomo, kenako masiku 30 oti mwini aliwombole pa mtengo wokwera, kenako limatsegukira aliyense. Tsiku lina bwana wa loji yatsopano angapeze kuti ujenilodge.com yeniyeniyo, yosasintha chilembo, ilibe mwini, pamene idakali pa chikwangwani, pa malisiti ndi pa chitseko cha galimoto ya lojiyo. Sanafananize kanthu, sanabere munthu pasiwedi, dzina langogwa lokha. Koma olilemba akufunabe mayi a Ujeni, ndipo maimelo onse a makasitomala awo akale adzabwera ndi dzinalo. Ine ndingamulangize kuti alisiye, ndipo ngati ali ndi nambala ya mayiwo awaimbire, chifukwa kunja kuli makampani amene makompyuta awo amadikirira mayina otere usiku ndi usana kuti awatole n'kudzawagulitsa modula. Ngati akuopa kuti litoledwa asanawapeze, alilembetse n'kuwapatsa, iwo amubwezere madola amene walipira, osawonjezera.

Kwa mayi a Ujeni ndi ena onse okhala ndi domain, ntchito ili poyera. Funsani kuti inalembetsedwa pa dzina la ndani ndi imelo ya ndani, ndipo ngati ndi ya mnyamata wa webusaiti, isamutsidwe mudakali pa ubwenzi. Dziwani tsiku limene imatha. Ndalama ikapezeka lipirani zaka zingapo nthawi imodzi, popeza .com imalola mpaka zaka 10. Kenako khalani pansi, muuze anthu awiri kapena atatu alembe dzina la bizinesi yanu mongolimva, muone mmene akulilembera. Malembedwe amene abwerezedwe, la s, la r m'malo mwa l, lopanda h, alembetseni nokha n'kuwalozetsa ku webusaiti yanu, pamodzi ndi la .mw ngati muli nalo la .com lokha.